Kubzala ndi kusamalira yucca: sankhani malo bwino, madzi akhale ochepa

Chimene chimapha yucca kawirikawiri m'munda wa maluwa ndi madzi. Mwini wake amamuthirira m'mawa ndi madzulo pamodzi ndi maluwa ena onse, mizu imangokhala m'chinyontho, kenako tsiku lina tsinde limafewa n'kugwa. Kwawo kwa chomera chimenechi ndi ku America, makamaka kumadera ouma a Mexico ndi kum'mwera chakumadzulo kwa United States, ngakhale mitundu ina imamera ku Central America ndi pazilumba za Caribbean. Mitundu yonse ilipo pakati pa 40 ndi 50. Yucca ndi wachibale wa khonje, ndipo wodziwa khonje sangavutike kumuzindikira: masamba aatali, olimba, osongoka kunsonga, otuluka mozungulira pamalo amodzi.

Ntchito yaikulu ya yucca mumaigwira musanamubzale. Mtundu, malo ndi dothi zikakhala bwino, zotsalazo n'zochepa.

Dziwani kaye mtundu umene mwagwira

Mbande zonse za yucca zimaoneka zofanana zikakhala m'chubu, koma kakulidwe kake n'kosiyana kutali. Funsani dzina musanatenge.

Yucca filamentosa alibe thunthu. Masamba ake amatuluka pansi pomwepo, ali ndi timaulusi topotana m'mbali, ndipo safika mita imodzi kutalika, ngakhale phesi la maluwa limatha kudutsa mamita 2. Ameneyu ndiye wopirira chisanu: kuzizira kungafike madigiri 20 pansi pa ziro, iye ali chiimire. Pali ena a mtundu womwewu a masamba a mizere yachikasu, monga Color Guard ndi Bright Edge, omwe amakula pang'onopang'ono poyerekeza ndi obiriwira okhaokha.

Yucca gloriosa amachokera m'michenga ya m'mphepete mwa nyanja kum'mwera chakum'mawa kwa United States, choncho mphepo yamchere siimuvutitsa. Amapanga thunthu lalifupi pakapita zaka. Yucca aloifolia amafanana naye, koma nsonga za masamba ake zimabaya koopsa ndipo m'mbali mwake muli timano tocheka. Kunena mosabisa, pakhomo pamene pamasewera ana, ameneyu musamubzale. Malo ake ndi kumpanda, kumene mukufuna kuti anthu ndi ziweto asamadutse.

Wodziwika kwambiri m'miphika ya m'nyumba ndi Yucca gigantea, amene mabuku ambiri amamulembabe kuti Yucca elephantipes. Nsonga zake n'zofewa, sizibaya. Ku El Salvador amamutcha izote ndipo duwa lake ndilo duwa la dzikolo. Vuto lake ndi msinkhu. Mumphika amaoneka waulemu, koma akaikidwa pansi kumadera otentha amasanduka mtengo wotha kufika mamita 9, phata lake n'kufufuma kwambiri. Chisanu chachikulu chimamupha.

Palinso Yucca rostrata wa ku Texas ndi kumpoto kwa Mexico, wa masamba opyapyala otuwa ounjikana pamwamba pa thunthu. Ndi wokongola kuposa onse amene ndatchulawa, m'maso mwanga, komanso ndiye sachedwa kuola dothi likanyowa.

Malo

Pezani pamene dzuwa limaomba maola osachepera 6 patsiku. Pamthunzi yucca safa msanga, koma masamba amalefuka, thunthu limapendekera kofuna kuwala, ndipo maluwa mungawadikire mpaka kalekale. Gigantea amalolako kamthunzi pang'ono.

Mukapeza dzuwa, yang'anani kumene madzi amapita mvula ikagwa. Pamene madzi a padenga amagwera, pokhuthukira ngalande, kapena pachidikha pamene chithaphwi chimakhala tsiku lonse, pasiyeni. Pakati pa kapinga amene mumathirira pafupipafupi si pabwinonso, chifukwa madzi amene kapinga amafuna ndi ochuluka kwa yucca. Malo otsetsereka pang'ono kapena amiyala, amene maluwa ena amakana, ndi amene iye amakonda.

Kenako yezani ndi tepi, musangoyerekeza ndi maso. Mitundu yobaya ikhale mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo kuchoka panjira, pakhomo lolowera ndi poimika galimoto. Tsamba la yucca wa zaka zingapo limafika pa msinkhu wa diso la mwana, ndipo munthu wamkulu akawerama popalira limamupezanso. Gigantea akhale mamita 3 kapena 4 kuchoka pamaziko a nyumba, pakhoma la mpanda ndi pamapaipi a pansi, chifukwa phata lake likamafufuma limakankha chilichonse chimene lakumana nacho. Mitundu yopanda thunthu italikirane mita imodzi, popeza idzabereka ana m'mbali.

Yesani dothi ndi madzi musanakumbe dzenje lenileni

Apa musathamange. Kumbani kadzenje kozama masentimita 30, kadzazeni madzi, adikireni aphwe, n'kudzazanso kachiwiri. Madzi achiwiriwo ndiwo akuuzeni zoona. Akatha m'maola awiri kapena atatu, dothilo ndi labwino, bzalani. Mukawapeza m'mawa mwake akadali momwemo, ndiye kuti yucca wobzalidwa pansi pamenepo adzaola.

Pa dothi lamakande ambiri amaganiza zokumba dzenje lalikulu n'kulidzaza mchenga. Njira imeneyi imapha. Madzi a mvula amalowa mosavuta mumchengamo koma amalephera kutuluka chifukwa makoma a dzenjelo ndi dongo, ndiye mizu imakhala m'madzi masiku ambiri pamwamba pakuoneka pouma. Chofunika ndi kukweza chomeracho. Ungani mthumbira wotalika masentimita 30 mpaka 40, wotambalala mita imodzi kapena kuposerapo, posakaniza dothi la pamalopo ndi mchenga wokhakhala wa kumtsinje ndi timiyala, theka dothi, theka mchenga ndi timiyalato. Mchenga wosalala kwambiri musaugwiritse ntchito, chifukwa ukasakanikirana ndi dongo umauma gwa. Gaulani kaye pansi pamene pakhale mthumbirawo kuti dothi latsopano ligwirane ndi lakale.

Za manyowa, fosholo imodzi ya kompositi woolerana bwino ndi yokwanira pa chomera chimodzi, ndipo pa dothi lachonde mutha osathira n'komwe. Ndowe zaziwisi ayi.

Kubzala

Nthawi yabwino ndi pamene kunja kukufunda koma dothi silinakhute madzi. Kumadera a chisanu chachikulu, bzalani chisanucho chikangotha, kuti mizu igwire chisanabwerenso. Kumadera a mvula yamphamvu, pewani pakatikati pa nyengo ya mvula.

Valani magolovesi okhuthala, malaya a manja aatali ndi magalasi oteteza maso. Sonkhanitsani masamba onse m'mwamba n'kuwamanga ndi chingwe, kuti mugwire ntchito popanda kubayidwa. Chingwecho mudzamasula pomaliza.

Dzenje likhale lotambalala kuwirikiza kawiri dothi limene mbande yabwera nalo, koma lisazame kuposa dothilo. Chotsani chubu kapena mphika mosamala n'kuona mizu. Yabwino imakhala yolimba. Yakuda, yofewa kapena yonunkha iduleni ndi mpeni woyera. Ngati mizu yazungulirazungulira pansi pa mphika, imasuleni ndi zala kuti iloze kunja.

Ikani chomeracho kuti pamene tsinde limakumana ndi mizu pakhale pofanana ndi pamwamba pa nthaka, kapena pokwererapo ndi masentimita 2 kapena 3. Kukwirira tsinde mozama ndiko kumayambitsa kuola kwa paphata, ndipo kumaonekera patapita miyezi, munthu ataiwala kale mmene anabzalira. Bwezerani dothi, tsenderani ndi manja kapena chidendene, thirirani kamodzi mokwanira kuti dothi ligwire mizu. Pamwamba yalani timiyala. Udzu wouma ndi masamba, zimene zimathandiza mbewu zina, pano zimasunga chinyontho patsinde.

Yucca wamtali wokhala ndi mizu yochepa amagwa ndi mphepo. Mukhomereni zikhomo ziwiri kapena zitatu n'kumumangirira ndi nsalu yofewa, kapena tsamiritsani miyala ikuluikulu paphata, mpaka atagwira. Ndipo ngati anakulira m'nyumba kapena pamthunzi wa kunazale, musamuike padzuwa lonse tsiku lomwelo, masamba adzapsa n'kuyera. Muzolowezeni kwa milungu iwiri, kuonjezera maola a dzuwa pang'onopang'ono.

Kuthirira

Miyezi yoyambirira thirirani kamodzi pamlungu, koma pisani kaye chala m'dothi mpaka masentimita 5. Mukamva chinyontho, bwererani ndi ndowa yanu. Pothirira, thirani madzi ambiri nthawi imodzi kuti alowe pansi, ndipo athireni padothi, osati pakati pa masamba pamene pamatuluka atsopano. Pakatha chaka, yucca wa pansi amadzidalira ndi mvula. Chilala chikatalika, kamodzi kapena kawiri pamwezi n'kokwanira. Nyengo yozizira siyiranitu, chifukwa kuzizira kukakumana ndi dothi lonyowa mizu imaola msanga.

Masamba amanena zimene zikuchitika, kungoti ambiri amawamva molakwika. Masamba a m'munsi akamachita chikasu limodzilimodzi n'kuuma, palibe vuto, ndi mmene thunthu limapangikira. Koma masamba ambiri akachita chikasu nthawi imodzi, n'kulendewera, ngakhale a pamwamba, finyani tsinde. Likakhala lofewa, madzi achuluka. Tsoka lake n'lakuti chomera chimene mizu yake yaola chimaoneka chofota, ndiye mwini wake amathamangira kukatunga madzi ena. Yucca wa ludzu lenileni amakhala ndi tsinde lolimba, masamba opindika pang'ono ndi nsonga zouma, ndipo akamwa kamodzi amatsitsimuka m'masiku ochepa.

Feteleza safunika kwenikweni. Ngati dothi ndi mchenga wokhawokha, thirani pang'ono kamodzi pachaka poyamba pa nyengo yokula, ndipo asakhale wa nayitirojeni wambiri, amene amakulitsa masamba ofewa okopa tizilombo.

Kudulira

Masamba ouma a m'munsi mutha kuwasolola powakokera pansi, kapena kuwadula pafupi ndi thunthu. Ena amawasiya kuti aphimbe thunthulo, ndipo kumadera ozizira kapena a dzuwa loswa mtengo amatetezadi. Kuipa kwake n'kwakuti mumabisala tizilombo komanso amagwira moto msanga, choncho pafupi ndi nyumba ndi bwino kuwachotsa. Ngati yucca wobaya ali kale pafupi ndi njira ndipo simungamusunthe, dulani kansonga ka tsamba lililonse ndi sizasi yodulira maluwa. Sikameranso, koma masamba atsopano amabwera ndi nsonga zawo, ndiye ndi ntchito ya chaka ndi chaka.

Wa thunthu akatalika kuposa mmene mukufunira, musaope sowo. Chekani thunthu pa msinkhu umene mukufuna, mopendeketsa pang'ono kuti madzi asakhazikike pabala, nyengo yofunda komanso yopanda mvula. Chitsacho chimaoneka chomvetsa chisoni kwa milungu ingapo, kenako chimatulutsa mphukira ziwiri kapena zitatu m'munsi mwa balalo. Mbali imene mwadulayo musataye, ndi mbewu.

Maluwa, ndi chifukwa chake njere sizioneka

Yucca amayamba maluwa akakhwima, nthawi zambiri patapita zaka zingapo, ndipo si chaka chilichonse. Phesi limatuluka pakati pa masamba n'kukula mofulumira, lodzaza ndi maluwa oyera olendewera amene amatseguka bwino ndi kununkhira usiku. Akafota, dulani phesilo m'munsi. Pa filamentosa, tsinde limene lachita maluwa limayamba kufa pang'onopang'ono, ana a m'mbali n'kutenga malo ake. Musadabwe nazo, ingochotsani lakufalo likauma. Mitundu ya thunthu siifa ikachita maluwa, imangochita nthambi pamenepo.

Ambiri amadabwa kuti maluwa achuluka chonchi koma chipatso osaoneka. Kwawo ku America, mungu wa yucca umanyamulidwa ndi kagulugufe kausiku koyera, ka mtundu wa Tegeticula kapena Parategeticula. Kakakazi ka Tegeticula kamasonkhanitsa mungu n'kuuumba kampira pansi pa mutu wake, kamauluka kupita pa duwa lina, kamaikira mazira mkati mwa pamene padzakhale chipatso, kenako kamakwera n'kukanikizira mungu uja pakansonga ka pakati pa duwa. Kamachita dala, chifukwa mphutsi zake zidzadya njere, ndipo popanda mungu njere sizingakhalepo. Mphutsizo zimadya zina n'kusiya zina, ndipo duwa limene laikiridwa mazira ochuluka chomera chimaligwetsa. Ubale umenewu anaufotokoza ndi George Engelmann ndi Charles Valentine Riley m'zaka za m'ma 1870. Kunja kwa America kagulugufeka kulibe, n'chifukwa chake mitundu yambiri imangothothoka maluwa. Aloifolia ndiye amatha kubereka popanda iko.

Ngati mukufunadi njere, ntchito ya kagulugufeko igwireni nokha. Madzulo maluwa atatseguka, tengani mungu ndi kaburashi kakang'ono kapena kamtengo kosongoka, makamaka kuchokera pa chomera china, n'kuulowetsa m'kabowo ka pansonga ya pakati pa duwa. Si onse amene adzagwire.

Kuchulukitsa

Njira yosavuta ndi ya ana omera m'mbali. Dikirani mwana afike masentimita 15 kapena 20 ndipo akhale wobiriwira bwino, chifukwa woyererako akudyabe kwa make. Fukulani dothi pakati pa awiriwo, dulani cholumikizira ndi mpeni wakuthwa kapena fosholo, mwanayo atengeko mizu yake. Muikeni pamthunzi masiku awiri kapena atatu kuti bala liume, kenako bzalani m'dothi la mchenga.

Thunthu limene munadula lija licheleni m'zidutswa za masentimita 20 mpaka 30. Musanazisakanize, ikani chizindikiro kumtunda kwa chidutswa chilichonse, chifukwa chobzalidwa chozondoka sichimera. Chidutswa cha kumutu chichotseni masamba a m'munsi. Zonse ziume pamthunzi pafupifupi mlungu umodzi, kenako zikani gawo limodzi mwa magawo atatu m'mchenga wosakaniza ndi dothi pang'ono, pamalo owala koma osaomba dzuwa lamasana. Nyowetsani pang'ono chabe. Mizu imatenga mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo kuzula kuti muone ngati yatuluka kumangoithothola. Mphukira zatsopano zikayamba kukula mwamphamvu, dziwani kuti zagwira.

Njere ndi za anthu odekha. Ndi zakuda, zaphwatalala. Zinyikeni m'madzi tsiku limodzi, fesani mosazamitsa m'mchenga wonyowa pamalo ofunda, ndipo zambiri zimamera pasanathe mwezi. Kuti mbandezo zifike pooneka ngati yucca, papita zaka.

Tizilombo ndi matenda

Pa yucca wa padzuwa ndi dothi louma, mavuto ndi ochepa. Tizilombo toyera taufaufa tobisala m'munsi mwa masamba, ndi tina tokhala ndi chikamba tomata patsamba, timachoka popukuta ndi kansalu konyika m'sipiriti kapena popopera madzi a sopo, kubwereza mlungu uliwonse mpaka titatha. Mawanga abulauni ozungulira pamasamba amabwera ndi chinyezi. Dulani masamba ogwidwawo, atayeni kutali, ndipo lekani kuthira madzi pamasamba.

Mdani woopsa ndi kachilombo kakuda ka mlomo wautali kotchedwa Scyphophorus acupunctatus, komwe kamaononganso khonje. Kamaboola paphata n'kuikira mazira, mphutsi zake zimadya mkati, kuola n'kutsatira. Pofika poti masamba agwe, nthawi yatha kale. Zulani chomera chonsecho, fufuzani mphutsi m'dothi, otchani zonse, ndipo pamalopo musabzalepo yucca wina msanga.

Yucca wa thunthu amene waola paphata chifukwa cha madzi mutha kumupulumutsa. Chekani thunthu pamwamba pa poolapo, ndipo pitirizani kucheka mokwera mpaka mkati muoneke moyera mopanda banga. Pukutani sowo ndi sipiriti musanachekenso. Mbali yabwinoyo iumitseni n'kuibzala monga chidutswa, pamalo ena.

Wa mumphika

Mphika ukhale ndi mabowo pansi ndipo ukhale wolemera, chifukwa yucca amalemera kumutu. Usakule kwambiri kuposa mizu, popeza dothi lochuluka limachedwa kuuma. Mbale ya pansi pa mphika isamakhale ndi madzi. Musintheni mphika pakatha zaka 2 kapena 3, ndipo wa m'nyumba muzimutembenuza nthawi ndi nthawi kuti asapendekere kuwindo.

Ziweto, ndi kuzula amene simukumufunanso

M'masamba ndi m'mizu ya yucca muli saponin, chinthu chochita thovu, ndipo anthu oyambirira kukhala ku America ankasinja mizu ya mitundu ina, monga Yucca glauca, n'kumachapira ndi kusambira. Saponin yemweyo amasanzitsa agalu ndi amphaka akatafuna masamba, ndipo akavalo amadwala naye. Mizu ya yucca si chinangwa, musaiphike.

Kuchotsa yucca wokhazikika ndi ntchito yolemetsa kuposa kumubzala. Kachidutswa kalikonse ka muzu wonenepa kotsala m'nthaka kamaphukanso, makamaka pa filamentosa ndi gloriosa. Yambani ndi kudula masamba onse kuti musabayidwe, chekani thunthu kusiya chitsa chogwirira, kenako kumbani mozungulira ndi piki, kuyambira theka la mita kuchoka paphata, mpaka mutalowa pansi pa mizu ikuluikulu. Dothi limene mwafukula lipeteni ndi manja, kutola zidutswa zonse. Zidutswazo musaziponye pa mulu wa kompositi, zikamera komweko. Ziyanikeni padzuwa mpaka zitauma gwa. Mphukira zimene zidzatulukebe m'miyezi yotsatira muzizikumba zikangooneka, zisanatambasule masamba, chifukwa muzu wosalandira chakudya kuchokera kumasamba umatha mphamvu. Nthawi zina zimatenga chaka kapena ziwiri kuti malowo ayere.